CILIMBA CA ZIGAMBA KU LUNDAZI

Pa msika uli wonse m'dziko lino la Zambia pali matelala, ndipo pansi pa makina a telala ali yense pamagwa tizidutswa ta nsalu. Kawirikawiri tizidutswa totere amatisesa madzulo ndi kukatitaya ku dzala, kapena amatipatsa ana kuti akamangire mpira. Koma m'boma la Lundazi alipo amai ena amene amationa ngati cuma. Amatitola, amaticapa, amatisita, amatidula mofanana, ndipo pakapita masabata amaturutsamo cofunda cimene munthu angagone naco m'mwezi wa June osamva mphepo. Nkhani ino ndi ya mmodzi wa amai amenewa, pamodzi ndi gulu limene iye amatsogolera.

Mai ameneyu ndi wamasiye wa zaka zoposa 50, ndipo amakhala m'dera la Mfumu Mphamba, kufupi ndi boma. Amalima cimanga, nshawa ndi mpendadzuwa monga acitira anansi ace onse. Nchito ya singano anaiphunzira kwa amai ace omubala, amene m'zaka za m'ma 1970 anali membala wa kalabu ya amai. Masiku amenewo, m'nthawi ya ulamuliro wa UNIP, anchito a Community Development anali kuyendera midzi ndi kukhazikitsa makalabu ophunzitsa kusoka, kuluka, kuphika ndi kusamala ana. Ambiri mwa makalabu aja anazirala m'kupita kwa zaka, koma luso linatsala m'manja mwa iwo amene analiphunzira, ndipo ena analisiyira ana ao.

Nsalu si cinthu cimene anthu a kuno anacipeza mosabvuta. Makolo athu anali kusenda khungwa la mombo ndi kulisula kufikira litafewa, nabvala nyanda. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linafuna kuti thonje la alimi athu lizisanduka nsalu konkuno, ndipo fakitale ya ku Kafue ndi ya Mulungushi ku Kabwe zinabveka anthu ambiri. Malonda atatsegulidwa pambuyo pa 1991, salaula anadzaza misika, mafakitale a nsalu anafooka, ndipo ya Mulungushi inatsekedwa mu 2007. Alimi a Cigawo ca Kum'mawa sanaleke kubzala thonje, koma locuruka limaturuka m'dziko lisanaombedwe. Cimene cinasunga moyo wa telala wa pa msika ndi citenje, pakuti palibe ukwati, maliro kapena msonkhano wa chalichi umene ungapite popanda citenje. Tizidutswa timene mai wa ku Mphamba amatola ndi zotsala za zitenje zimenezi.

Cimene anaona pa foni

Kwa zaka zambiri mai ameneyu anali kusoka yekha. Anali kulumikiza zigamba monga mmene zabwerera, cacikuru ndi cacing'ono, kuti apeze cophimbira bedi kapena coyala pa mpando. Maganizo atsopano anabwera ndi mwana wace wamkazi wa ku Lusaka, amene tsiku lina atabwera kudzaceza anamuonetsa pa foni mmene amasokera amai a ku America, ku Britain ndi ku maiko ena. Kumeneko uli mcitidwe umene pa Cingelezi amaucha quilt-along. Munthu mmodzi amaika pa intaneti citsanzo ca cigamba ca ngondya zinai, cimene amacicha buloko, ndipo anthu ambiri amene sanaonanepo amasoka buloko yemweyo sabata lomwelo, ali yense m'nyumba mwace, natumizirana zithunzi. Sabata kapena mwezi wotsatira pamabwera citsanzo cina, kufikira mabuloko atakwana cofunda.

Mai uja anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Nsalu zimene anaziona zinali zogulidwa dala m'sitolo, ndipo amai aja anali ndi makina a magetsi ndi zipangizo zodulira zimene iye sakanazikwanitsa. Koma mcitidwe wace sunali wacilendo kwa iye. Anauza mwana wace kuti ici ndi cilimba basi, cosiyana cace ndi cakuti mmalo mwa ndalama anthu akusonkha nchito ya manja. Ndipo anaona cinthu cimodzi cimene akanacisintha. Amai a kunja aja ali yense amasunga mabuloko ace. Iye anafuna kuti mabuloko onse a mwezi umodzi azipita kwa munthu mmodzi, mwezi wotsatira kwa wina, monga momwe ndalama za cilimba zimayendera.

Anasonkhanitsa amai 12, iye mwini pamodzi. Asanu ndi awiri ndi a ku Lundazi komweko, awiri ali ku Chipata, awiri ku Lusaka, ndipo mmodzi anakwatiwa ku Mzimba m'dziko la Malawi, kutsidya kwa cipata ca Lusuntha. Onse ndi acibale kapena anakulira pamodzi. Amakumana pa gulu la WhatsApp, mmene Citumbuka ndi Cinyanja zimayenda mosakanizana, ndipo iwo amene sadziwa kulemba bwino amatumiza mau apakamwa. Atatu alibe foni yaikuru, cotero amamvera uthenga pa foni ya mtsogoleri Lamulungu akaturuka m'chalichi.

Lamulo la muyeso

Pa tsiku loyamba la mwezi mtsogoleri amajambula citsanzo pa pepala la m'kope, nalemba miyeso yace, nacitumiza. Membala ali yense amasoka mabuloko awiri, ndipo pofika pa 25 ayenera kukhala atafika kwa mwini mwezi. A ku Lusaka amaika ao mu emvulopu ndi kupatsa kondakitala wa basi yodzera mseu wa Great East, ulendo wa makilomita oposa 700 kudzera ku Chipata. Wa ku Mzimba amatumiza kudzera mwa amalonda oyenda pa njinga. Mwini mwezi amalandira mabuloko 24, amawayala anai m'mimba ndi asanu ndi limodzi m'litali, amaonjeza mkombero m'mbali, ndipo cofunda cimakwana pafupifupi mita imodzi ndi theka m'mimba ndi mamita awiri m'litali. Pakati amaikapo bulangete lakale lothaitha, kunsi citenje cathunthu, ndipo amabaya singano kupyola zitatu zonsezo m'mizere yoyandikana kuti zisasuntheane pocapa.

Citsanzo coyamba cimene anasankha ndi cija cimene ku maiko a kunja amacicha Nine Patch, ca tizidutswa 9, titatu m'mizere itatu. Amai a gululi anacicha nsolo. Kacidutswa kali konse kamadulidwa masentimita 12 mbali zonse, msoko umadya sentimita imodzi, ndipo buloko akatha amakhala masentimita 32, amene amatsika kufika pa 30 akalumikizidwa ndi anzace. M'cofunda cimodzi ca nsolo mumalowa tizidutswa 216. Pambuyo pace anaphunzira ca timizere tozungulira kabokosi ka pakati, cimene kunja amati Log Cabin koma iwo amati nkhokwe, ndi cina ca tizidutswa ta ngondya zitatu tondondozana cimene anacicha akakowa.

Munthu wosoka yekha angapotoze msoko osabvutika nazo, cifukwa adzadula cigamba cotsatira molingana ndi kupotokako. M'cilimba ca zigamba sizitero. Msoko ukalowa mkati ndi mamilimita awiri okha, umadya mamilimita anai, pakuti umadya nsalu ya uku ndi uku. Buloko wa nsolo ali ndi misoko iwiri m'litali mwace, cotero amafupika ndi mamilimita 8, ndipo mabuloko asanu ndi limodzi otere akandondozana mzere wonse umaperewera ndi masentimita pafupifupi asanu. Pamenepo ngondya sizikumana, cofunda cimacita mafunde, ndipo mwini mwezi ayenera kumasula nchito ya mnzace usiku pa nyali. Ndico cifukwa mtsogoleri anadula zitsanzo za katoni 12 zofanana, napatsa membala ali yense cace. Analamulanso kuti nsalu iri yonse icapidwe isanadulidwe, cifukwa citenje catsopano cimakwinyika ndi kusuluka, ndiponso kuti msoko uli wonse usitidwe ndi simbi ya makala usanakumane ndi unzace.

Phindu lace liri pati?

Amuna ena a m'mudzimo, amene amadziwa kuwerengera, anaseka pamene anamva za dongosololi. Anati membala ali yense amasoka mabuloko awiri pa mwezi, ndiwo 24 pa caka, ndipo amalandira 24 omwewo. Nanga bwanji osangosoka ace yekha ndi kusunga ndalama ya basi ndi ya mabando a foni? Masamu ao sanali olakwa, ndipo mtsogoleri sanawatsutse. Anangowakumbutsa kuti m'cilimba ca ndalama namonso munthu amalandira zokhazo zimene anasonkha, koma amai a pa msika sanacileke. M'sutikesi mwace iye mwini munali zofunda ziwiri zimene anaziyamba kalekale osazitsiriza, cifukwa nchito imene palibe akuiyembekeza imagonja kwa munda, maliro ndi matenda. Mnzako akamayembekeza mabuloko ako pa 25, umasoka ngakhale watopa.

Pali cinanso. Mai mmodzi sangakhale ndi nsalu za mitundu yambiri, koma amai 12 okhala m'matauni anai ali nazo. Wa ku Lusaka amene ali telala amatola zotsala za zitenje za ku Kamwala zimene ku Lundazi sizinafikebe. M'cofunda cimodzi munthu angaone citenje ca Umanyano wa amai a CCAP pambali pa ca Akatolika, nsalu ya yunifomu ya sukulu pambali pa ya diresi la ukwati. Zitenje za zipani zimene zinagawidwa pa masankho osiyanasiyana zimagona phee m'mzere umodzi, nkhope za atsogoleri zitadulidwa kotero kuti patsala mtundu wokha. Amai ena amatumizanso kacidutswa ka citenje ca malemu amai ao, nauza mwini mwezi kuti akaike pakati.

Nchito yotere anthu osauka a maiko ena anaidziwa kale. Ku Gee's Bend, m'cigawo ca Alabama ku America, amai akuda, zidzukulu za akapolo, anali kusoka zofunda ndi mathalauzi akale a nchito ndi matumba cifukwa ca mphepo ndi umphawi. Ena mwa iwo analowa m'kampani yogwirizana ya Freedom Quilting Bee imene inayamba mu 1966, ndipo mu 2002 zofunda zao zinaonetsedwa m'nyumba zazikuru zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York. Mu 1987 ku Washington kunayalidwa cofunda cokumbukira anthu amene anafa ndi matenda a Edzi, ca zigamba 1,920, ciri conse cosokedwa ndi abale kapena abwenzi a womwalirayo, ndipo kukula kwace kunali ngati manda a munthu. Amai a ku Lundazi sanayambe ndi maganizo a zionetsero. Cimene anafuna ndi cakuti mwana asagone ndi mphepo, ndi kuti acibale obalalika asaiwalane.

Mabuloko a agogo

Ciyeso cacikuru ca gululi cinabwera mu 2024, caka ca cilala, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Ku Lusaka magetsi anali kuzima maola ambiri, makina a telala uja anaima, ndipo iye anayamba kusoka mabuloko ace pa manja monga a kumudzi. Mitima ya anthu inali yofupika, pakuti ali yense anali kulingalira za ufa. M'nyengo imeneyi ndi mmene nkhani ya agogo inaturukira poyera.

Agogo amenewa ndiwo wamkuru wa onse m'gululi, a zaka za m'ma 70, ndipo anali m'kalabu imodzi ndi amai ace a mtsogoleri. Pa utsikana wao msoko wao unali kuchuka m'midzi yozungulira. Koma tsopano mabuloko ao anali kufika operewera, lina ndi sentimita, lina ndi cala cathunthu, ndipo misoko inali yokhotakhota. Eni miyezi itatu anamasula mwakacetecete ndi kusokanso osanena kanthu. Wacinai anali telala wa ku Lusaka, ndipo iye analankhula.

"Amama, mundikhululukire," anatero m'mau amene anatumiza kwa mtsogoleri, "koma mabuloko a agogo sakumana ndi anzao. Ndamasula kawiri pa kandulo, nsalu yayamba kunyenyeka. Ife tonse timasunga muyeso. Kodi lamulo ndi la ana okha?"

Funsolo linali lolungama, ndipo mtsogoleri anadziwa cimeneci. Iye ndiye anaika lamulo la muyeso, ndipo anadziwa kuti akalilekerera kwa mmodzi, mawa wina adzati anali ku munda, wina anali ndi alendo, ndipo cilimba cidzatha monga anathera makalabu. Komanso anadziwa kuti mwezi wa agogo unali usanafike. Nkhalambayo inali itasonkha mabuloko ace mokhulupirika osalandira kanthu, ndipo kuicotsa tsopano kukanakhala kuidyera thukuta lace. M'gulu munabuka magawo awiri, ndipo kwa sabata lathunthu palibe anatumiza cithunzi.

Mtsogoleri anapita yekha kwa agogo m'mawa wina, nawapeza pa khonde ali ndi singano m'dzanja limodzi ndi ulusi m'dzanja lina, akufunafuna diso la singano. Sanafunikire kufotokoza cimene anadzera.

"Mwana wanga, ndadziwa," anatero agogo. "Maso acita nkhungu. Mzere sindiuona, ndimangoyenda ndi cala. Ndicotseni, ndisakuonongereni nsalu."

"Iai agogo, amene anagwira dzanja langa pa singano ndinu ndi amama. Tiyeni tione pamene pabvuta."

Anakhala pamodzi mpaka masana, ndipo mtsogoleri anaona kuti dzanja la agogo linali lisanaiwale kanthu. Msoko wao unali waung'ono ndi wolimba monga kale. Cimene cinawasowa ndi kudula molunjika, kuona mzere, ndi kulowetsa ulusi. Zitatu zimenezi munthu wina akhoza kumcitira mnzace. Kuyambira mwezi umenewo mtsogoleri amadula yekha tizidutswa ta agogo, napinda mzere wa msoko ndi simbi kuti cala ciziumva. Mdzukulu wa agogo amalowetsa ulusi m'masingano khumi m'mawa asanapite ku sukulu, nawabaya pa kansalu. Buloko akapererabe, mtsogoleri amamuzunguliza ndi kamzere ka nsalu yakuda ndi kumudula pa katoni kufikira atakwana masentimita 32. Lamulo la muyeso silinasinthe, pakuti buloko ali yense wofika kwa mwini mwezi amafika wokwana. Cimene cinasintha ndi cakuti buloko wa agogo tsopano amadzera m'manja atatu.

Mwezi wa agogo unali November, nthawi ya kutentha. Membala wa ku Chipata, amene mwezi wace unali June, anapempha kuti asinthane nao, nati mnzako akapsa ndevu mzimire. Telala wa ku Lusaka sanabweze mau ace, ndipo palibe anamuuza kuti awabweze, koma mabuloko ace awiri a mwezi umenewo anafika oyamba, pamodzi ndi citenje cathunthu ca kunsi. Mtsogoleri analankhulanso ndi ana a agogo kuti apite nao ku cipatala, cifukwa nkhungu yotere mwa okalamba kawirikawiri imakhala ng'ala, imene madokotala amaicotsa munthu naonanso. Si onse anakondwa ndi mmene nkhaniyi inathera. Membala mmodzi anatsiriza caka cace mwaulemu, nalandira cofunda cace, nalawira, ponena kuti gulu lokhala ndi zifundo zambiri silipita patali. Malo ace anatenga mtsikana wina wa ku Mwase.

Zimene aphunzira

Gululi tsopano liri ndi malamulo amene linawapeza mwa kukumana ndi mabvuto. Membala watsopano amalandira mwezi wotsiriza, kuti asatenge cofunda ndi kuzimirira. M'miyezi ya December, January ndi February, pamene manja ali ku khasu, citsanzo cimakhala ca nsolo cokha, ndipo zobvuta zija za akakowa zimadikira mpaka kukolola kutatha. Wodwala kapena woferedwa amanena msanga, ndipo anzace awiri amamsokera, iye adzabweza. Nsalu yoterera ya salaula ndi yotamuka siiloledwa, cifukwa siigwirizana ndi citenje pocapa. Cofunda coyamba ca membala sicigulitsidwa. Wofuna malonda amasoka zina pa yekha, ndipo alipo kale awiri amene amalandira maoda a zikwama ndi zoyala pa mipando kucokera kwa aphunzitsi ndi anamwino a pa boma.

Awerengi amene angafune kuyamba cilimba cotere m'midzi mwao kapena m'makomboni asaganize kuti pafunika cuma. Pafunika katoni, rula ya mwana wa sukulu, sizasi yakuthwa, singano, ulusi, ndi telala wa mtima wabwino amene angawasungire zotsala m'thumba. Foni imathandiza pamene anthu ali kutali, koma amai a mudzi umodzi akhoza kuonetsana citsanzo pa citsime. Mai wa ku Mphamba amalangiza kuti ayambe anthu ocepa odziwana, asankhe mmodzi wosunga muyeso amene saopa kubweza buloko woperewera, ndipo asanasoke kanthu apangane cimene adzacita tsiku limene mmodzi wa iwo adzafooka. Pa zonse zimene gulu lace lakumana nazo, iye amati pangano lotsirizali ndilo limene anayenera kuyamba nalo ali yense wofuna kuti cilimba cifike caka caciwiri.